KODI MOWA WABWINO TIUDZIWA NDI CHIANI?

Loweruka lina posachedwapa tinaitanidwa ku nyumba ina m'lokeshoni kumene kunali mowa wa chikondwerero, pakuti mwana wa pa nyumbapo anali atapambana mayeso. Mai a pa nyumbapo anafulula okha mowa wa masese monga afululira kwao. Chipanda choyamba chitatuluka, iwo anamwako pamaso pa onse monga mwa mwambo, nachipereka kwa mkulu wina wa imvi. Mkuluyo anayamba wayang'ana m'chipandamo, nanunkhiza, namwa pang'ono, nakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Mai, chimera ichi nchamawere, ndipo munachiyanika bwino. Mowa wapsa lero lomwe. Mawa ukhala utapitirira." Asanatsirize kunena, mnyamata wina wobvala suti anafuula ali kumbuyo, "Ife tingofuna kudziwa chimodzi, amai: kodi ngolasa?"

Anthu anaseka, koma ife tinabwerako tiri ndi maganizo. Mkulu uja analawa mowa, pamene mnyamatayo anangofuna kudziwa ngati udzamgwetsa msanga. Tikhulupirira kuti funso la mnyamatayu, limene limveka pa bwalo liri lonse la mowa m'matauni athu, ndilo gwero la mowa woipa umene udya ndalama za anthu a nchito ndi kuononga matupi ao. Mowa woipa suchokera kwa wofulula yekha ai. Uyambira m'kamwa mwa wogula amene sadziwa kulawa.

Tidziwa kuti ena mwa awerengi athu, makamaka a mipingo, adzati nyuzipepala isamataye malo ndi nkhani ya mowa, koma ingouza anthu kuti aleke kumwa. Tiwalemekeza abale amenewa, ndipo munthu amene samwa konse wasankha bwino. Sitimkakamiza kuti ayambe. Koma kunena zoona, pa tsiku lolandira malipiro anthu zikwi zambiri amwa ndithu, kaya ife tilembe kaya tikhale chete. Ngati tsono amwa, kuli bwino adziwe chimene alikumwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

CHIMENE LILIME LIYENERA KUFUNA

Mowa wa makolo athu si chinthu chongochitika mwangozi. Wofulula abviika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, nazifundika kufikira zitamera, naziyanika, nazisinja; ndicho chimera. Mbeu ikamamera itulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo chifukwa chake phala lolimba likathiridwa chimera lisungunuka ndi kutsekemera. Apa ndipo pali thobwa, amene amwa ndi ana omwe. Likasiyidwa, tizilombo tosaoneka ndi maso tigwira nchito ziwiri. Tina tibweretsa kuwawasa kofanana ndi kwa chambiko, ndipo tina, timene azungu atitcha yisiti, tidya shuga uja ndi kutulutsa ukali pamodzi ndi mpweya umene tiuona ngati thobvu. Nchito yonseyi itenga masiku angapo, kawirikawiri pafupifupi sabata, ndipo mowa wotere ukali wake ngwochepa, ngati magawo 3 kapena 4 pa 100 ali onse.

Munthu wodziwa izi adziwanso chimene afunafuna m'chipanda. Ayamba ndi maso: kodi mowa uli moyo, ulikutulutsa timathobvu, kapena wagona ngati madzi a m'chithaphwi? Kodi anaukuntha bwino, kapena madeya alikuyandama? Atero ndi mphuno: mowa wabwino ununkhira chimera ndi utsi pang'ono wa pa moto, koma fungo la chuku, la chigubu cha mafuta kapena la mankhwala ndi chenjezo. Pomaliza lilime: kuwawasa kwa chambiko nkwabwino ndipo kuthetsa ludzu, koma kuwawasa kolasa kukhosi ngati vinyo wosasa kusonyeza kuti mpweya unalowa mu mbiya ndipo mowa wapitirira. Kutsekemera kwambiri kusonyeza kuti sunapse. Kuwawa kwa chipsereza kunena kuti wofulula anasiya kubvundula phala liri pa moto. Zonsezi mkulu uja anaziwerenga m'kamwa kamodzi.

Kumudzi nzeru imeneyi inali ya onse. Pa mowa wa dima, anthu atalima m'munda wa mnzao, anali kudziwa mai amene dzanja lake likoma ndi amene achita changu. Ndipo wofulula mwaulesi anali kumva manyazi chaka chonse, pakuti omwa anali abale ake ndi anansi ake. Kuweruza kunalipo, ngakhale kunalibe pepala.

MMENE UKALI UNALANDIRA UFUMU

Nanga nzeruyi inatayika bwanji m'tauni? Mbiri yake njodziwika. M'chaka cha 1908 boma la Natal linapanga lamulo lolola mizinda kuti ikhale yokha yofulula ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda, ndipo mzinda wa Durban unayamba kuchita zimenezi mu 1909. Phindu la mowawo ndilo linali kuyendetsa malokeshoni, kotero kuti wanchito anali kulipira yekha nyumba yake ndi apolisi omulonda kupyolera m'chikho chake. Njira imeneyi inafalikira ku Bulawayo, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya Copperbelt, ndipo anthu athu amene anapita ku nchito m'masiku a Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, anaipeza itakhazikika. Mai wofulula pa nyumba anasanduka wolakwira lamulo. Mu June 1959 amai a ku Cato Manor, ku Durban komweko, analowa m'nyumba za mowa za mzinda ndi ndodo, napitikitsa amuna omwa, nataya mowawo, chifukwa apolisi anali kuwathyolera migolo yao pamene mzinda unali kulemera ndi malonda omwewo.

Tsono taganizani za mai amene afulula mobisa. Sangathe kudikira masiku asanu ndi awiri, pakuti fungo la mowa lidzaitana apolisi. Afuna chinthu chopsa tsiku limodzi, chokwiririka pansi, chaukali kuti chikho chaching'ono chigulidwe mtengo waukulu. Umo ndimo munabadwira chikokeyani, mowa wa shuga ndi yisiti umene ena anali kuuthira spiriti ndi zina zoopsa kuti ulase. Dzina lake linamveka dziko lonse lapansi chifukwa cha nyimbo yotchedwa Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia, imene Louis Armstrong wa ku America anaijambulanso mu 1954. Azungu a kutali anabvina nyimboyo osadziwa kuti dzinalo nla chakumwa chobadwa ndi mantha.

Malamulo a tsankho aja anapita, koma chizolowezi chimene anabala chinatsala. Munthu amene anaphunzira kumwa mothamanga, maso ali kukhomo, analeka kufunsa za chimera. Ana ake ndi adzukulu ake alandira funso limodzi lokha lija: kodi ngolasa? Ndipo wofulula ndi munthu wa malonda. Ngati mai wosamala, amene ataya nkhuni ndi masiku ambiri, aona kuti ogula onse apita kwa mnzake wothira zachilendo m'mgolo, kodi adzapirira kufikira liti? Lendi ya nyumba ndi fizi ya ana sizidikira. Tisanatukwane ofulula, tiyambe tadzifunsa chimene ife ogula tawaphunzitsa ndi ndalama zathu.

MMENE ACHITIRA ANZATHU KUNJA

Ena ayesa kuti mowa wofulula pa nyumba ndi chizindikiro cha umphawi, ndi kuti munthu wotsogola amwa wa m'botolo wokha. Amenewa adzadabwa kumva kuti ku maiko a azungu kufulula pa nyumba ndi luso lolemekezeka. Ku Britain boma linachotsa mu 1963 lamulo lofuna laisensi kwa munthu wofulula mowa wakumwa yekha, ndipo ku America President Jimmy Carter anasaina lamulo lolola zomwezo mu 1978. Kuchokera apo kunabuka mipikisano, ndipo mu 1985 kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Beer Judge Certification Program, limene liphunzitsa ndi kuyesa anthu olawa mowa.

Pepala limene oweruza amenewa alembapo ligawa malikisi 50 motere: fungo 12, maonekedwe 3, kukoma 20, mmene mowa umvekera m'kamwa 5, ndi maganizo a woweruza pa mowa wonsewo 10. Woweruza sauzidwa dzina la wofulula, kuti chibale kapena chidani chisalowepo. Alawa pang'ono pokha, natsuka m'kamwa ndi madzi asanalawe wina, ndipo ayenera kulemba chimene chalakwika ndi mmene wofulula angachikonzere. Awerengi aone bwino kuti pa malikisi 50 onsewo palibe mzere wa ukali pa wokha. Mowa wolasa kupitirira mtundu wake utaya malikisi. Mnyamata wathu wa suti uja akadalephera mayeso amenewa tsiku loyamba, pamene mkulu wa imvi, amene kapena sanapite patali ndi sukulu, akadakhoza, pakuti iye anayamba ndi maso, natsata mphuno, natsiriza ndi lilime monga momwe pepalalo lifunira.

Chimodzimodzi ndi mowa wa maapozi umene Angerezi autcha cider. Kwao kwenikweni ndi maboma a Somerset, Devon ndi Herefordshire ku England, Normandy ndi Brittany ku France, ndi Asturias ku Spain. Uwu sufuna chimera, chifukwa madzi a chipatso ali ndi shuga kale, monga momwe uliri mowa wa masuku kapena wa mfula umene ena a ife tiudziwa. Alimi aphwanya maapozi, nafinya madzi ake, nawasiya m'migolo kwa masabata kapena miyezi. Mu 1903 anatsegula malo ofufuzira za zipatso ndi cider ku Long Ashton, pafupi ndi Bristol, ndipo akatswiri a kumeneko anagawa maapozi a mowa m'magulu anai, poyesa kuwawasa kwake ndi kuwawa kuja kumene kumanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa: otsekemera, owawasa, otsekemera ndi kuwawa, ndi owawasa ndi kuwawa. Wopanga waluso asakaniza magulu amenewa, ndipo wolawa afunsa ngati zitatuzo, kutsekemera, kuwawasa ndi kuwawa, zagwirizana popanda china kupondereza zinzake. Chakumwa cha alimi wamba chinapatsidwa sukulu yakeyake. Kodi masese athu achepa pati?

Pali chinanso m'mbiri ya cider chimene chikhudza ife a nchito ya malipiro. Kale eni minda ku England anali kulipira anchito ao gawo lina la malipiro ndi cider, kufikira lamulo la 1887 linaletsa. Mwini munda anali kusunga wabwino m'nyumba mwake, napatsa anchito wosasa. Wolandira mowa m'malo mwa ndalama alibe mau pa kukoma kwake. Koma ife tigula ndi ndalama zimene takhetsera thukuta, ndipo tiri nao ufulu wakukana. Chomvetsa chisoni nchakuti ufulu umenewu sitiugwiritsa nchito.

Ngakhale kuno kwathu, amene anamvetsera lilime la omwa ndiye anapindula. Nkhani imene ikambidwa ya dzina la Chibuku njakuti Max Heinrich, amene anayamba kufulula mowa wa masese m'fakitale m'zaka za Chitaganya, anali ndi buku m'mene anali kulemba mau a omwa ndi zimene anasintha pofulula. Munthu wa chilendo anatenga mowa wa amai athu, nafunsa, nalemba, nalemera nao. Eni ake a lusolo sanalembe kanthu, ndipo mai waluso akamwalira nzeru yake ilowa naye m'manda.

PAMENE LILIME LILEKEZA

Koma tikadanama tikadati kulawa kutha zonse. Lilime ndi mboni ya kukoma; siliri mboni ya moyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa zaka zambiri anthu a ku Devon anali kudwala nthenda ya m'mimba yopweteka koopsa, imene ena inali kuwapuwalitsa manja. Ambiri anayesa kuti chifukwa chake ndi kuwawasa kwa cider. Mu 1767 dokotala wina dzina lake George Baker anasonyeza kuti nthendayo ichokera ku mtobvu umene opanga cider anali kumatira nao zofinyira ndi zotengera zao. Eni malonda anakwiya naye, nati alikunyoza chakumwa cha kwao. Koma mtobvu utachotsedwa, nthenda inazilala. Olawa onse a ku Devon analephera kuugwira, pakuti mtobvu wosungunuka m'chakumwa chowawasa suipitsa kukoma, utsekemeretsa.

Chitsanzo chachiwiri chiri pafupi, ndipo chilasa mtima. Mu January 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa masese wofulula pa mudzi. Anthu 75 anafa, ndipo odwala onse anapitirira 200. Mphekesera inabuka msanga yakuti wina anathira ndulu ya ng'ona m'mgolo, ndipo anthu anayamba kuyang'anana ndi diso la ufiti. Koma akatswiri atapima anapeza kuti panalibe mdani. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utaonongeka ndi madzi a chigumula, ndipo munamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene katulutsa chiphe chotchedwa bongkrekic acid. Chiphe chimenechi chiribe fungo, chiribe kukoma, ndipo sichitha ndi kuwiritsa. Mai amene anafulula mowawo anali mmodzi wa akufa. Mwambo wathu wakuti mwini mowa ayambe kumwa uteteza alendo kwa munthu wa mtima woipa, koma suteteza munthu ali yense ku ufa wobvunda.

Phunziro lake nlolunjika kwa ife tonse. Pali chizolowezi chonena kuti ufa umene sungaphikidwe nsima ungachite mowa, poti moto ndi kuwira zidzauyeretsa. Chizolowezi chimenechi nchakupha. Chimene simungapatse mwana wanu m'mbale musachiike mu mbiya.

Tinenenso za kachasu ndi zakumwa zina zaukali zosadziwika kochokera. Pali mtundu wa spiriti wotchedwa methanol, wa nchito za m'mafakitale, umene anthu osaopa Mulungu authira m'zakumwa kuti zichuluke. Lilime silingausiyanitse ndi ukali wa mowa weniweni, koma pang'ono pokha uchititsa khungu, ndipo wochulukirapo upha. Munthu amene wamwa chotere, nayamba kuona zinthu mwa chimbuuzi kapena kupuma mobanika tsiku lotsatira, asayese matsire; atengedwe ku chipatala nthawi yomweyo.

CHIMENE TIPEMPHA

Kwa omwa tinena izi. Lekani kufunsa za kulasa. Funsani za chimera, za madzi ndi za tsiku limene mowa unapsa. Yang'anani mgolo umene mowa ulimo: ngati kale munali mafuta, utoto kapena mankhwala a m'munda, bwererani ndi ndalama zanu. Lawani chikho choyamba mofatsa, pakuti chachitatu chikafika lilime lagona kale ndipo chiri chonse chikoma. Mowa ukakhala wabwino, muuzeni wofulula pamaso pa anthu chimene chakoma, ndipo musanyinyirike kulipira mtengo woyenera nchito yake. Ukaipa, muuzeni pambali mwaulemu. Munthu amene amwa chifukwa cha kukoma akhuta msanga, nafika ku nyumba ndi malipiro ali m'thumba. Amene amwa kuti agwe saleka kufikira ndalama kapena miyendo itatha.

Kwa amai ofulula tinena mwaulemu kuti luso lanu nlakale kuposa mafakitale onse a mowa m'maiko ano, ndipo musalichititse manyazi. Mbeu ikhale youma ndi yopanda chuku, madzi akhale akumwa, mbiya ndi migolo zitsukidwe ndi madzi otentha ndi kubvundikiridwa. Mwana wa sukulu ali pa nyumba akulembereni m'kope muyeso wa ufa, wa chimera ndi masiku, kuti mowa umene unakoma mwezi uno udzakomenso mwezi wa mawa. Wogula akakuumirizani kuti muthiremo kanthu, kumbukirani kuti akadwala sadzanena kuti anapempha yekha.

Kwa makhonsolo a mizinda ndi a zaumoyo tinena kuti mbiri ya Durban yatiphunzitsa kale kuti kuthyola migolo sikuthetsa mowa, kungousandutsa chikokeyani. Njira yabwino ndiyo kuwadziwa ofulula, kuwaphunzitsa za ukhondo ndi za kuopsa kwa ufa woonongeka, makamaka m'zaka za madzi osefukira, ndi kulanga kolimba okhawo othira ziphe. Ndipo pa zionetsero za ulimi, pamene apereka mphotho kwa mwini ng'ombe yonenepa ndi mwini dzungu lalikulu, bwanji osaikapo gome la thobwa ndi masese, oweruza ake nakhala akulu odziwa, amuna ndi akazi, osauzidwa maina a ofulula? Mai amene wapambana pamenepo adzakhala ndi mbiri yoiteteza, ndipo anzake adzafuna kumposa ndi luso m'malo mwa ukali.

Pa chikondwerero chija mnyamata wa suti sanakhalitse. Atamwa zipanda ziwiri anati mowawo ngwa ana, napita kukafuna wolasa kwina; mmene anafikira ku nchito Lolemba, adziwa ndi kapitao wake. Mkulu wa imvi anakhala kufikira dzuwa litapendeka, akucheza ndi kumwa pang'onopang'ono. Ponyamuka anaomba m'manja, nathokoza mwini nyumba, nafunsa kumene anagula mawere ake. Mai aja anamwetulira, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kambale ka chimera kuti mkuluyo akapatse akazi ake.